Mmene Ndidabwezera Bwato la Amidu Kumtunda

Ana anga, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chimene mudakulira kozizira kumapiri a kumpoto, pamene mayi anu ndi ine tidayambira banja ku Salima, kwa mpunga ndi nsomba. Masiku onse ndinkangoti, "Ndi ntchito idatisamutsa," basi n'kutseka pakamwa. Lero mano atha, amene tinkawaopa aja nawonso adatsikira kulichete, ndiye khalani pansi mumve. Za ubwana wanga sindilemba. Ndinkaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense, ndipo mbuzizo zilibe mbiri.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba idali ya pa galimoto ya kanema. Inu amene mumaonera zithunzi pafoni muli chigonere simungaidziwe. Idali galimoto ya chimkuzamawu padenga, m'kati muli makina oonetsera kanema, injini ya magetsi, chinsalu choyera ndi zitini za mafilimu. Tinkayenda m'midzi kuphunzitsa anthu kupopera thonje, kuwokera mpunga m'mizere ndi kukumba zimbudzi. Sadandilembe chifukwa cha sukulu, ayi ndithu, koma pakamwa. Bwana wathu, a Kachingwe, bambo wamfupi amene sankavula tayi ngakhale dzuwa la Salima liswe mtengo, adandimvera kamodzi kokha nati, "Iwe Fanuwelo, ukadakhala wailesi bwenzi tikukuzimitsa kuti mabatire asathe. Yamba mawa." Dalaivala wathu adali a Ganizani, munthu amene ankatha kuchoka ku Salima mpaka ku Chinguluwe osatulutsa liwu. Tinkagwirizana kwabasi, poti ine ndinkalankhulira tonse awiri.

Zinthu zinkasowa, ana inu. Mafuta ankabwera mochita kupemphera, matayala tinkamata mpaka chigamba kukhala pa chigamba chinzake. Koma chimene chidasintha moyo wanga chidali kababu kakang'ono ngati nsawawa, kamene kankatulutsa mawu a mufilimu. Kadapsa tili ku Chinguluwe. Zithunzi zinkaoneka bwinobwino, koma anthu a pachinsalu ankangotsegula pakamwa ngati nsomba ya pamchenga. A Kachingwe adapempha kena kulikulu, yankho n'kukhala lakuti kakubwera. Kababu kameneko mpaka lero kadakali m'njira.

Ku Maganga tinkaonetsera masana m'shedi ya thonje, titatseka mazenera ndi masaka. Tsiku lina tidaika filimu ya kupopera thonje, yosalankhula ija. Ine ndidayesa kufotokoza mpaka kukhosi kuuma, koma anthu adayamba kutuluka mmodzimmodzi, ena akuyasamula mosabisa. Kenaka kumbuyo kudamveka kachingwe, thing! Bambo wina wa pachinsalu akapopa mpope wake, kachingwe kaja thing! Akaponda phazi, kachingwe kena dung! Atapunthwa pamzere, zingwe zonse zidalira pamodzi ngati mwana wotsinidwa. Ha! Shedi yonse idaphulika ndi kuseka, otuluka aja n'kubwerera akuthamanga. Ndidatembenuka ndili ndi ukali kuti ndione amene akusewera ndi ntchito ya boma. Adali telala wa pamsika, a Twaibu, atakhala pathumba la thonje ndi banjo yawo ya chitini cha mafuta, nkhope ili duu ngati si iwo.

Filimu itatha ndidawapeza panja. "Akulu, inu mwandinyozetsa lero."

"Achimwene," adatero a Twaibu, "ine ndaona anthu akuthawa maliro a filimu yanu, ndiye ndati ndiimbireko. Ndalakwa?"

"Mawa tili kwina. Mubweranso?"

"Inshaallah. Koma mundiuze pasadakhale pamene bambo uja amagwa, ndimukonzere bwino."

Umu ndi mmene zidayambira. Posakhalitsa a Twaibu adabweretsa anzawo a ng'oma, amayi nawo n'kubwera ndi zisekese. Mvula ikagwa pachinsalu, zisekese zinkachita waaa mpaka ena kuyang'ana kudenga. Anyamata a beni ankalowa kutsogolo kwa kuwala, zithunzithunzi zawo n'kumavina pamodzi ndi alimi a mufilimu, osadziwikanso wa m'chitini ndi uti, wamoyo ndi uti. Ine ndinkapatsa mawu aliyense wa pachinsalu, ngakhale ng'ombe. Ndipo tidatulukira kachitsulo kena pa makina aja, koti ukakankha filimu imayenda chobwerera. Kalanga ine, zimene tinkachita nako! Dothi linkadumpha lokha kubwerera m'dzenje la chimbudzi, thonje kuchoka m'thumba kubwerera kumtengo, a Twaibu nawo akuimba nyimbo yawo mobwerera m'mbuyo. Nkhalamba zinkagwira nthiti, misozi ili chuchuchu. Mbiri idawanda m'mbali monse mwa nyanja kuti a kanema amabweza zinthu.

A Kachingwe atamva adabwera okha kudzaona. Adakhala kutsogolo manja atapinda, tayi ili pamalo pake. Potuluka adandikokera pambali. "Fanuwelo, iyi ndi ntchito ya boma kapena chinamwali?" Ndidati, "Bwana, kababu." Iwo adati, "Ine sindinaone kanthu. Koma ng'ombe ija usamaipatse mawu anga." Ndipo phazi lawo ndidaliona ine, linkagunda pansi nthawi yonse ya ng'oma.

Masiku amenewo ndimawasowa, sindibisa. Fungo la thonje ndi thukuta m'shedi muja, injini ikugunda panja, ndi a Twaibu akundiyang'ana ndi diso limodzi kudikira chizindikiro. Sindidakhalenso ndi mnzanga wotero.

Chapakati pa zaka zomwezo

Kuchokera kulikulu kudabwera anthu odzajambula asodzi a pachilumba cha Mbenji. Filimuyo itakonzeka adatitumizira. Inkayamba ndi bwana wina wamkulu wa chipani akugawa maukonde pagombe, kenaka n'kupita kuchilumba. Tsono muyenera kudziwa mwambo wa ku Mbenji: mkazi sapondako. Amuna amapita kukapha utaka miyezi yathunthu, akazi n'kutsala kumtunda. Ambiri adabadwa, kukwatiwa mpaka kukalamba akungochiona chilumbacho ngati kachulu pakati pa madzi. Choncho titaika filimu imeneyi, amayi adadzaza shedi mpaka amuna kusowa pokhala. Akuluakulu ena adang'ung'udza kuti tikuonetsa akazi zosayenera, koma mkulu wina wa kumzikiti adawayankha kuti maso alibe mapazi, ndipo nkhani idathera pomwepo. Ntchintchi zake! Nthungululu zake! "Uyo wanga uyo!" adakuwa mayi wina. "Mumati mumavutika kumeneko, taonani mimba!" A Twaibu adaitana asodzi enieni kuti aziimba nyimbo zawo zopalasira, ndipo shedi ya thonje inkasanduka nyanja.

Kumapeto kwa filimuyo kudali mnyamata wamtali wa mpata kumano, dzina lake Amidu, mlamu wa a Twaibu. Ankakankha bwato lake pamchenga, kudumphiramo, kucheuka n'kuseka, kenaka kupalasa mpaka kusanduka kadontho patali. Pamenepo filimu n'kutha. Mkazi wake, Abiti Jafali, mlongo wa a Twaibu, sadaonereko ndi kamodzi komwe chifukwa adali ndi khanda lofiira. Anzake akamuuza ankangoseka. "Inu kaonereni wa pansalu, ine ndili ndi mwiniwake."

Nyengo ya mwera ya chaka chimenecho idali yoipa. Tsiku lina Amidu adalowa panyanja osabwerako. Bwato lidapezeka litagadabuka, nkhafi ikuyandama payokha, koma mwiniwake nyanja idakana naye. Adafunafuna mpaka kutopa. Ashehe adachita duwa, pemphero lachisilamu, anthu adakhala pamaliro opanda mtembo, ndipo Abiti Jafali adalowa m'nyumba kukhala eda, nthawi imene mkazi wachisilamu amabindikira mwamuna akamwalira, osatuluka pabwalo, osaonana ndi amuna achilendo. Banjo ya a Twaibu idapachikidwa kudenga, ife n'kubwerera ku mafilimu osalankhula.

Patapita milungu ingapo a Kachingwe adandiitana muofesi n'kutseka chitseko, chinthu chimene sankachita. Adandiuza monong'ona kuti bwana wamkulu wogawa maukonde uja wagwa. Masiku amenewo munthu akagwa, ankagwa ndi dzina lomwe. Sunkamutchula, sunkasunga chithunzi chake, sunkakumbuka kuti udamupatsako moni. "Chitini cha ku Mbenji chikwere sitima ya Lachisanu," adatero. "Akukachiwotcha. Ndipo ndikuuze ngati mwana wanga, wopezeka akuonetsa filimu imeneyi sadzafunsidwa mafunso. Adzangomutenga, ndipo iwe ukudziwa kuti otengedwa sabwera msanga." Ndidati ndamva, ndipo ndidamvadi.

Madzulo ake ndidapeza a Twaibu atakhala pakhonde panga, ataonda ngati adwala. Nkhani ya chitini idali itawafika kale kudzera kwa a Ganizani, amene tsiku limenelo adasankha kulankhula.

"Achimwene," adatero, "mlongo wanga sanalire. Chichitikireni ngozi ija, ngakhale msozi umodzi. Akuti palibe manda, ndiye palibe maliro. Tsiku lililonse akutereka madzi, akutuma mwana wa mnansi kukaika ndowa kubafa kuti bambo akabwera asambe. Madziwo amazizira, mawa lake ena. Kudya sakudya, mabere auma, ndipo kakhanda kaja kangotsala maso. Amayi ayesa, ashehe ayesa kulankhula ali kuseri kwa chitseko. Dzulo wandifunsa kuti, kodi kumene anapita a Amidu n'kotani? Sanakuonepo, achimwene. Mwamuna wake watayika kumalo kumene iye sangaponde. Inu muli nako m'chitini."

"A Twaibu, mukudziwa chimene mukundipempha?"

"Ndikudziwa. Mukakana sindikudani, Mulungu ndi mboni."

Atapita ndidakhala ngati wamenyedwa. Mayi anu adali ndi pakati pa iwe Mavuto, ndipo adamva zonse ali kukhitchini. Ndidayamba kuwafotokozera mmene zinthu zilili, za ndende, za nyumba ya boma imene tinkakhalamo, za mwana wobwerayo. Ndidalankhula nthawi yaitali monga mwa chizolowezi changa. Iwo adangomvetsera akupeta mpunga, kenaka adati, "Abambo, mukufuna ndikukanizeni kuti mukauze a Twaibu kuti wakana ndi mkazi. Sinditero. Ine ndikuopa kuposa inu. Koma mawa akakutengani inu osabwerako, ndidzafuna wina adzandionetse kumene mwapita. Maliro n'kulirana." Adanyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Mayi anu adali otero, Mulungu awasunge kumene aliko.

Lachinayi m'mawa ndidauza a Ganizani kuti tipite ku Maganga. Sadafunse. Titafika pafupi ndi nyumba ya Abiti Jafali adaimitsa galimoto, kutsegula kutsogolo, kuzula kawaya kena n'kukaika m'thumba. "Yafa," adatero. "Ikonzeka madzulo."

Vuto lidali lakuti mayiyo sakadatuluka, ndipo ine mwamuna wachilendo sindikadalowa. Nzeru adabweretsa ndi a Twaibu, munthu wa nsalu. Adakhoma chinsalu chathu pakhomo penipeni m'malo mwa chitseko. Khonde lonse tidalitchinga ndi lona wa galimoto ndi mikeka mpaka mdima bii, ine n'kukhala mmenemo ndekha ndi makina. Chithunzi chinkagwa pansalu n'kutulukira mbali ya m'kati, kumene kudakhala Abiti Jafali ndi amayi anzake. Iye sankandiona, ine sindinkamuona, ndipo wa panja aliyense sakadaona kanthu. Pabwalo padakhala a Twaibu ndi banjo, a ng'oma awiri, ndi asodzi amene ankapalasa ndi Amidu. Iwo chinsalu sankachifuna, filimuyo adali ataidziwa pamtima.

Mbali ya bwana wogwa uja ndidaipyola babu ili chozima. Chilumba chitatulukira ndidayatsa n'kugogoda mzati, ng'oma n'kuyamba. Tsiku limenelo sindidapatse munthu mawu. Kwa nthawi yoyamba pantchito yanga ndidatseka pakamwa. M'nyumba mudali zii, kupatula kakhanda kamene kankalira mofooka. Miyala ya ku Mbenji idadutsa, misasa ya asodzi, utaka uli mbuu pathandala, ndipo panja amuna ankaimba motsitsa:

Palasa mnzanga, palasa,
kwathu kwatsala kumbuyo.

Kulira kwa injini kudakoka anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira aja. Ndidawamva akufunsa a Ganizani chimene chikuchitika, kenaka mapazi akuyandikira lona. Koma mayi ake a Twaibu, nkhalamba yaifupi, adaima patsogolo pawo. "Muli mkazi wa eda umu. Ndani mwa inu akufuna kusuzumira? Iwe Yusufu, ndikauze mayi ako kuti wayamba kusuzumira akazi amasiye?" Mapazi aja adabwerera. Sadachoke, adakhala patsinde pa mtengo wa mango kumvera nyimbo.

Kenaka Amidu adatulukira. Ndidamva amayi m'katimo akukoka mpweya. Adakankha bwato, kudumphiramo, kucheuka, kuseka ndi mpata wake uja, n'kuyamba kupalasa. Adachepa, adachepa, mpaka kadontho. Ndidaimitsa makina filimu isanatheretu. Panja nyimbo idaleka. M'nyumba mudalibe ngakhale chifuwa, ndipo mumtima ndidati ndaika khosi langa pampeni pachabe, mwinanso ndaonjeza chilonda.

Ndiye kuseri kwa nsalu kudamveka mawu, aang'ono, osasa.

"Abambo a kanema."

"Ndili pano, mayi."

"Ndinamva kuti inu mumabweza zinthu. Thonje limabwerera kumtengo."

"Ndi masewera chabe aja, mayi."

"Ndikudziwa kuti ndi masewera. Ndibwezereni kumtunda."

Dzanja langa lidagwira kachitsulo kaja, kamene masiku onse kankaseketsa anthu. Ndidasuzumira pampata wa lona n'kunong'oneza a Twaibu kuti ndikubweza. Iwo adandiyang'ana, adayang'ana asodzi aja, ndipo sadaimbe mobwerera m'mbuyo ngati kale. Adayambitsa nyimbo imene asodzi amaimba bwato likamafika pagombe:

Kokani, kokani,
afika eni bwato.

Kadontho kaja kadayamba kukula. Kadasanduka bwato, bwato lidasanduka munthu, msana wake ukubwera kwa ife pang'onopang'ono. Amuna panja adakweza mawu, ena akulephera kumaliza mzere. Amidu adafika pafupi, adacheuka n'kuseka, kenaka adadumpha kuchoka m'bwato, mapazi onse awiri n'kutera pamchenga. Pomwepo ndidaimitsa. Tidaphunzitsidwa kuti filimu ukaiimitsa babu ikuyaka imapsa, koma iyi idali yokawotchedwa kale, ndiye ndidamusiya aime pamenepo. Mthunzi wa dzanja udakwera pansalu kuchokera m'kati, n'kukhudza paphewa pake.

"Zimitsani," adatero Abiti Jafali. "Wafika."

Ndidazimitsa. Kulira kumene kudatuluka m'nyumba imeneyo sindidakumvenso kwina. Amayi onse adalandira, a pamudzi adabwera akuthamanga, ndipo maliro a Amidu adalirika tsiku limenelo, dzuwa lili pamutu. Ine ndidakhala mumdima wa lona uja n'kulira nawo, munthu amene ndidangomudziwira pachinsalu. A Ganizani adabwezera kawaya kawo m'galimoto.

Chitini chidakwera sitima ya Lachisanu. Koma injini siilira mobisa, ndipo sabata yotsatira a Kachingwe adanditsekeranso chitseko. Adali atamasula tayi, ndipo apo ndidadziwa kuti zavuta. "Kwabwera anthu kudzafunsa," adatero. "Ndawauza kuti unatenga injini ya boma kukaimbitsa nyimbo pamaliro, ndipo ndakulanga. Ukupita kumpoto kukasunga katundu m'sitolo. Pa galimoto sudzakweranso." Ndidatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, iwo n'kukweza dzanja. "Usandiuze china, Fanuwelo. Chimene sindikuchidziwa sangandifinye nacho. Pita, usanandilizitse." Bambo amene uja adandiombola, ndipo sindidapeze mpata wowathokoza.

Zidandiwawa, ana anga. Zaka zonse zotsatira ndidakhala ndikusuntha makatoni, pakamwa pangapa popanda ntchito, ndipo ndikamva banjo pawailesi ndinkatuluka panja. A Twaibu ndidaonana nawonso kamodzi kokha. Tsiku losamuka tidadzera ku Maganga kukatsanzika. Adatuluka ndi kakhanda kaja m'manja, katayamba kudzaza masaya, nati mayi ake akudya ndipo mkaka wabwerera. Abiti Jafali adali akadali m'nyumba, adangotumiza moni ndi kamtolo ka utaka wouma woti tikadye kozizirako. Ndikubwerera kugalimoto imene inkatisamutsa, a Twaibu adandigwira mkono n'kundilozera kuseri kwa nyumba. Ndowa ija idali pathandala la mbale, yovundikira, youma.